Madzi Amene Ndinasainira

Makina amene ndinkagwiritsa ntchito ndili mtsikana ankadontha tsiku lonse. Pamwamba pake panali kabotolo ka mekyuri, chitsulo chamadzimadzi chija chimanyezimira m'kagalasi koyezera kutentha kwa thupi kuchipatala. Mekyuriyo ankatsika m'kapaipi kagalasi kowonda kwambiri n'kumagwera, kadontho kamodzikamodzi, m'kakapu mmene tinkathira madzi ofuna kuyeza. Ife tinkalowetsa magetsi m'timadonthoto, kuyamba ndi ochepa n'kumawonjezera pang'onopang'ono, ndipo pambali pake peni inkayenda yokha papepala. Madzi akakhala opanda kanthu, peniyo inkangojambula mzere wogona. Akakhala ndi aseniki, poizoni wa m'mankhwala a dibi la ng'ombe, inkafika pena n'kukwera, chifukwa pamenepo asenikiyo wayamba kulandira magetsi kuchokera kukadontho. Kutalika kwa kachitunda kamene yajambula n'kumene kunkatiuza kuchuluka kwa poizoniyo.

Labotale yathu inali ya zipinda ziwiri, m'munsi mwa Phiri la Dedza, kuseri kwa mitengo ya paini. Kunkazizira moti mwezi wa Juni zala zinkakana kugwira botolo. Ntchito yathu yaikulu inali kuyeza madzi ochokera m'madibi. Mankhwala akachepa m'dibi nkhupakupa sizifa, akachuluka imafa ndi ng'ombe, choncho alangizi a ziweto ankatitumizira mabotolo mwezi ndi mwezi. Makinawo anasiya ndi mzungu wina pobwerera kwawo, ndipo m'chigawo chonsecho amene ankadziwa kuwayendetsa anali munthu mmodzi, abwana anga.

Anali bambo wamfupi, wa jekete yaubweya yong'ambika pachigongono, woimbitsa kwaya kutchalitchi kwathu. Tsiku lofunsira ntchito tinalipo anayi, amuna atatu ndi ine. Anasankha ine. Anthu a m'maofesi oyandikana nafe ananena poyera kuti mkazi mu labotale atha magalasi onse, ndipo sanalakwitse kwenikweni, chifukwa mwezi woyamba womwewo ndinaswa awiri. Abwanawo anakauza akuluakulu kuti aswa ndi iwo. Bambo anga ondibereka anamwalira ndili wamng'ono, ndiye sizinanditengere nthawi kuyamba kuwatchula kuti Bambo, iwonso n'kumati mwana wanga. Ndinkawakonda munthuyo. Ndikunena izi poyera kuti pasakhale wina woganiza kuti ndinkawakayikira chiyambire. Akanandiuza kuti mekyuri amamwedwa ndi tiyi ndikanafunsa kuti masipuni angati.

Tsiku lina, ndisanathe chaka pantchito, anandiikira mabotolo awiri patebulo n'kundiuza kuti ndiyeze. Loyamba peni inakwera msanga monga mwa masiku onse. Lachiwiri inangoyenda chogona mpaka pamene tinkalekezera.

“Ili lilibe kanthu, Bambo,” ndinatero.

“Ungamwe?”

“Ndingamwe.”

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anandifotokozera kuti aseniki ali mitundumitundu. Wa m'dibi ndi wosavala, amaoneka msanga. Koma alipo wina amene opanga mankhwala amamumangirira ku kaboni, chinthu chija chimapanga makala, ndipo ameneyo ndi wamakani. M'madzi opanda asidi wokwanira salandira magetsi n'komwe, ndipo ngakhale asidiyo alipo amalandira mochedwa, kutali ndi pamene wa m'dibi amaonekera. Anathira asidi m'kakapu muja, n'kukankhira magetsi patsogolo kupitirira pamene tinkalekezera. Chakumapeto kwenikweni, peni itatsala pang'ono kuthawira m'mwamba, kachitunda kanatulukira.

“Waona, mwana wanga? Mzere ukagona usamathamangire kunena kuti madzi ndi abwino. Uziyamba wafunsa kuti ukufuna aseniki wamtundu wanji. Ukakayika, thira asidi, pitirira, kapena uphike madziwo mu asidi mpaka kaboniyo apse.”

Ndinalemba mawu amenewo m'kope langa ndi inki yofiira.

Kwathu ndi kufupi ndi Kaphuka. Pakhomo pa amayi panatsala mkulu wanga, achemwali anga a bere limodzi, amene anasiya sukulu amayi atayamba kudwaladwala kuti ine ndipitirize kwa asisitere. Ankalima kachewere ndi kabichi kudimba. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zinayi, amene anabwera ena awiri atapitirira ali makanda, choncho mwanayo akangoyetsemula nyumba yonse inkaimirira. Mudzi wathu unkamwa pakasupe wa kumunsi kwa dambo. Kumtunda kwa damboko, kumene kale tinkatolako nkhuni, kunali kutatsegulidwa esiteti ya mapichesi ndi paini. Mwini wake anali munthu wamkulu kwambiri. Dzina lake tonse tinkalidziwa, koma polankhula tinkangoloza ndi mlomo chakumtunda.

Chaka chimenecho, nyengo yozizira ili kumapeto, mbuzi zinayamba kufa. Zinkamwa m'khwawa lotsikira kukasupe, n'kuyamba kutsegula m'mimba, kudzandira, mawa lake zafa. Mlangizi wa ziweto atazing'amba ananena chapansipansi kuti zikufanana ndi zimene zamwa mankhwala a dibi, ngakhale mbali imeneyo kunalibe dibi. Amayi ena anali ataonapo antchito a kuesiteti akutsukira mapampu awo opopera mankhwala m'khwawa lomwelo. Achemwali sanadikire msonkhano. Anasiya kutunga pakasupe n'kuyamba kupita kuchitsime cha kuseri kwa phiri, ulendo wokwera ndi kutsika, kawiri pa tsiku, ndowa pamutu. Amayi ena angapo anawatsatira. Ine ananditumizira uthenga ndi munthu wa njinga: ubwere ndi mabotolo ako aja.

Ndinapita Loweruka, ndinatunga mabotolo atatu, lina m'khwawa, awiri pakasupe. Lolemba m'mawa ndinawaika patebulo pa abwana n'kufotokoza zonse. Anamvetsera bwinobwino mpaka pamene ndinatchula kuti esitetiyo ndi ya yani. Pamenepo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi.

“Asiye kaye apa,” anatero. “Nkhani ngati iyi siyendera pakhomo lakuseri. Ndipite ndikaone ndekha zimene amasunga kumeneko.”

Lachitatu anakwera njinga yamoto n'kupita. Tsiku limenelo ndinawanyadira. Ndinkati ndi angati angalimbe mtima kukagogoda pageti la munthu wotere chifukwa cha mbuzi za amphawi? Lachinayi ananditumiza kuboma kukatenga makalata ndi kukadikira botolo la mpweya limene linkabwera pa lole, ndipo ndinakatha tsiku lonse kumeneko. Lachisanu m'mawa anandiitana.

“Ndaona m'sitolo mwawo. Ndi mankhwala a dibi okhaokha, amasambitsira ng'ombe zawo zapangolo. Yeza monga timayezera dibi.”

“Ndisathireko asidi wambiri n'kupitirira, Bambo, kuti titsimikize?”

“Asidi watsala wochepa, ndipo mabotolo a mwezi wamawa ali m'njira. Tikudziwa kale chimene tikufuna. Tiwonongerenji?”

Ndinavomera. Apa ndi pamene mtima wanga umabwerera kawirikawiri, ngakhale lero ndili ndi imvi. Funso loyenera ndinafunsa. Yankho lake linali lopanda mutu, chifukwa asidi amene ankafunika sakanadzaza ngakhale kapu ya tiyi. Koma anayankha ndi iwo, ndiye ndinatseka pakamwa n'kuyatsa makina.

Botolo loyamba mzere unagona. Lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi. Ndinavina ndekha pakati pa matebulo. Abwana analemba kalata pa taipi, kunena kuti madzi a pakasupe ayezedwa ndipo aseniki sanapezekemo. Anadinda chidindo, kenaka anandipatsa peni yawo ya m'thumba la jekete.

“Wayeza ndiwe, ulemu ukhale wako. Kwanu adziwe kuti anaphunzitsa mwana.”

Aka kanali koyamba dzina langa kukhala pansi pa kalata ya chidindo. Ndinasaina mosamala, zilembo zikuluzikulu, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani.

Kalatayo inawerengedwa pamsonkhano, pabwalo la sukulu yakwathu. Anawerenga ndi wapampando wa nthambi ya chipani, achinyamata a malaya ofiira ataima kumbuyo kwake. Masiku amenewo msonkhano sunkajombedwa, ndipo aliyense anabwera ndi khadi lake la chipani m'thumba kapena pamfundo ya chitenje. Atafika padzina langa anaimika kuwerenga n'kundiuza kuti ndiimirire. Amayi analulutira. Wapampandoyo anati wayeza madziwa si mlendo, ndi mwana wa m'mudzi momwemo, choncho kuyambira tsiku limenelo aliyense wonena kuti kasupe ali ndi poizoni ndi mdani wa chitukuko ndipo akafotokoza bwino kutsogolo. Za mbuzi anati zinadya therere la m'dambo losayenera. Ine ndinaima pamenepo mano onse pamtunda.

Titafika kunyumba achemwali anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

“Iwe, za kalata zisiye. Makalata ine sindiwerenga. Undiuze wekha ndi pakamwa pako. Mwana wanga amwe?”

“Amwe, achemwali. Ndayeza ndi manja angawa.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapuma mozama n'kuseka. Anati khosi lawo linali litatsala pang'ono kulowa m'mapewa ndi ndowa za kuseri kwa phiri. Madzulo a tsiku limenelo ndowa yoyamba ya pakasupe ndinakatunga ndine, n'kuthira mumtsuko.

Panapita miyezi iwiri.

Loweruka lina ndinapita kumsika wa paboma kukawotcheretsa kwa wokhoma zidebe mbaula yanga imene inathyoka mwendo. Wokhoma zidebeyo anali ndi migolo yachitsulo itatu, wina ataudula kale pakati. Ndikudikira, maso anga anagwera papepala limene linali likadamatirira pamgolo umodzi. Linali long'ambika theka, koma chigaza ndi mafupa zinkaoneka, ndi dzina la mankhwala, lalitali, la zilembo zing'onozing'ono. Ndinawerenga kawiri. Munthu wina aliyense akanangoona dzina lovuta kutchula. Ine ndinaona aseniki womangiriridwa ku kaboni, mtundu womwe uja wa m'botolo lachiwiri lija abwana anandiphunzitsira.

“Migoloyi mwaitenga kuti, bambo?” ndinafunsa.

“Kuesiteti ya mapichesi, cha ku Kaphuka uko. Amatha yambiri. Akuti amapopera dawe ndi nansongole m'mizere, udzu umangouma wokha osagwira khasu.”

“Ng'ombe ali nazo kumeneko?”

“Ng'ombe? Kuli mathirakitala, mayi.”

Mbaula ija ndinaiwala pomwepo. Ndinayenda mpaka kunyumba osadziwa kuti ndadutsa njira iti. Ndipo taonani kupusa kwanga: mpaka kufika Lolemba, mtima wanga unkawaikirabe kumbuyo abwana. Ndinkati anawanamiza, anawaonetsa sitolo ina, migolo anabisa. Ndinkawamvera chisoni kuti adzakhumudwa bwanji ndikadzawauza.

Lamulo lathu linali losunga madzi otsala kwa miyezi itatu, choncho mabotolo aja anali akadali pashelefu. Lolemba masana, iwo atapita kunyumba kukadya, ndinatsitsa la pakasupe. Ndinathira asidi, ndinadutsitsa mpweya wochotsa mpweya wa m'madzi monga tinkachitira, ndinatsegula mekyuri, n'kusiya magetsi apitirire. Peni inadutsa chogona pamalo pa aseniki wa dibi. Inapitirira. Chakumapeto inayamba kukwera. Ndinataya madziwo, ndinatsuka kakapu katatu, ndinayambiranso. Inakweranso pamalo omwewo. La m'khwawa kachitunda kake kanali kotalika kuposa pamenepo.

Anandipeza nditaima ndi mapepala atatu m'manja. Analowa akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

“Bambo, anakunamizani. Taonani.”

Sanalandire mapepalawo. Anangoyang'ana chapatali, anatseka chitseko, anapita patebulo pawo, anatsegula dirowa ya kiyi. Anatulutsa pepala lopindidwa n'kuliyala pafupi ndi anga. Linali la makina athu omwewo, kachitunda kake pamalo omwewo. Pakona panali tsiku, lolembedwa ndi dzanja lawo. Linali Lachinayi lija anandituma kuboma.

Ndinakhala pansi pasimenti, chifukwa mpando unali kutali.

“Munadziwa.”

“Ndinadziwa.”

“Munadziwa, n'kundiuza kuti ndiyeze ngati dibi.”

“Pepala lako silinaname, mwana wanga. Aseniki wa dibi mulibe m'madzi amenewo.”

Mawu amenewo ndi amene anandipsetsa mtima kuposa onse. Munthu amene anandiphunzitsa ndi pakamwa pake kuti mzere wogona sukwanira, lero akubisala kuseri kwa mzere womwewo. Ndinakuwa. Sindinakuwepo munthu wamkulu chibadwire, koma tsiku limenelo ndinakuwa mpaka wa kuofesi yoyandikana nafe anatsegula zenera. Ndinawauza kuti mwana wa achemwali anga akumwa madzi amenewo, kuti ndowa yoyamba ndinatunga ndine, kuti iwo anadya kachewere wa kudimba la achemwaliwo amene ndinkawabweretsera m'thumba.

“Tsitsa mawu,” anatero. “Ukudziwa mwini wa esiteti ija. Ndili ndi ana asanu ndi mmodzi. Ukufuna ndikalembe kuti munthu ameneyo akuthira poizoni m'madzi a anthu? Galimoto yodzatitenga ingabwere pano tisanamalize n'kudinda komwe. Ndinamunong'oneza kapitawo wawo kuti asiye kutsukira m'khwawa. Ndinachita zimene ndikanatha.”

“Nanga za m'matope zimene zinalowa kale? Nanga migolo?”

“Aseniki wotereyu si waukali ngati wa dibi. Mvula ikabwera zisungunuka.”

“Mungamwe?”

Anatembenukira kuzenera, ine n'kupitiriza.

“Ngati munaona kuti palibe vuto, bwanji simunasaine nokha?”

Anapinda pepala lawo lija m'mizere yake yakale. Kenaka analankhula mofatsa, mawu omwe aja ankandiphunzitsira.

“Iwe ndiwe wa konko. Ine akanandikayikira. Ndipo umve bwino, chifukwa ndikukufunira zabwino. Ukakatsegula pakamwa, adzafunsa kuti anasaina ndani. Adzati mwina ndiwe mtsikana wosadziwa ntchito amene ananamiza boma, mwina ndiwe wofalitsa mabodza pa chitukuko. Zonse ziwirizo zimathera malo amodzi. Dzina langa palibe paliponse.”

Anabweza pepalalo mudirowa n'kukhoma. Atatero anandifunsa ngati ndingamwe tiyi.

Ndiye kuti zonse anazikonza. Ulendo wa kuboma uja, asidi wochepa uja, peni ya m'jekete ija. Anakhala pansi n'kuganiza kuti m'dziko lonse ndi ndani amene anthu a m'mudzi muja angamukhulupirire osafunsa kawiri, n'kupeza kuti ndi ine, ndipo anadziwanso kuti ine amene ndingamukhulupirire osafunsa kawiri ndi iwo. Anandigwiritsa fuwa la moto akundiitana kuti mwana wanga. Akanakhala mdani ndikanadziwa pomuika. Lamulungu lililonse ankaimbitsabe kwaya monga mwa nthawi zonse, manja m'mwamba, maso otsinzina. Ndinagwira nawo ntchito zaka zina zitatu, chifukwa kopita kunalibe, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawapatsa moni. Mawu oti Bambo okha sanatulukenso m'kamwa mwanga.

Sabata ya mkanganoyo sindinadye bwino. Ndinalemba kalata yopita kwa akuluakulu n'kuing'amba. Ndinalemba ina yopanda dzina, n'kukumbukira kuti m'chigawo chonse oyeza aseniki tilipo awiri. Sindinali wolimba mtima, ndisaname. Ndinkaopa galimoto ija monga mmene iwo ankaiopera, ndipo zimenezi zinkandiwawa kwambiri, kuti mantha awo anali atandilowa ndi ine.

Loweruka ndinakwera basi ya m'mawa. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo, ndipo kuchokera pamene basi inkatisiya mpaka kumudzi unali ulendo wa maola awiri wapansi. Njira yachidule inkadutsa pakasupe. Ndinaganiza zozungulira, koma miyendo inanditengera komweko.

Panali amayi ngati khumi, ena akutunga, ena akuchapa chakumunsi. Achemwali analipo, akutsuka ndowa ndi mchenga. Analiponso akazi a wapampando uja, mayi wonenepa wansangala, amene ankatsogolera nyimbo pamisonkhano. Atandiona anaombera m'manja.

“Afika adokotala athu a madzi! Taonani fumbi lake. Bwerani mumwe madzi anu.”

Anatsuka chikho, anatunga pamene madzi amatulukira, n'kundipatsa ndi manja awiri atapinda mawondo. Kwathu munthu wochokera paulendo sakana madzi. Ukhoza kukana chakudya n'kunena kuti wadya kumene ukuchokera, koma madzi umalandira, ngakhale kungonyowetsa milomo. Wokana madzi ndiye kuti akuwaganizira zoipa amene akumupatsa.

Ndinayang'ana chikhocho. Madzi ake anali oyera mbee, ozizira, moti kunja kwa chikho kunachita thukuta. Ludzu linali litandigwira kwambiri.

“Zikomo, mayi. Ndilibe ludzu.”

“Ludzu mulibe? Dzuwa limeneli?”

“Ndilibe ludzu.”

Ochapa aja anasiya kuchapa. Mayiyo anayang'ana milomo yanga yong'alukayo, anayang'ana mapazi anga, anandiyang'ana m'maso. Ine manja ndinawabisa kumbuyo. Chikho chinali chikadali m'manja mwawo. Kenaka anachipendeketsa pang'onopang'ono, madzi n'kutayikira paudzu.

Palibe amene anafunsa kanthu. Mayi wina amene anali atasenza kale anatula ndowa yake n'kuikhuthula, akunena kuti mwagwera chitsotso. Wina anati waiwala nkhata kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo amayi a m'mudzi mwathu anabwerera kuchitsime cha kuseri kwa phiri, ndipo aliyense wowafunsa ankamuuza kuti pakasupe pachuluka matope. Mawu oti poizoni sanatuluke pakamwa pa munthu. Akazi a wapampando nawonso ankakwera phirilo, chifukwa nawo anali ndi ana.

Achemwali ananyamula ndowa yopanda kanthu n'kutsogola. Ndinawatsatira kumbuyo. Njira yonse sanatembenuke.

Mwana ndinamupeza atagona pamphasa pakhonde. Poyamba sindinamuzindikire. Kamwana kaja kankandithamangira kudzasecha m'chikwama mwanga kanangotukula mutu n'kuugonekanso. Amayi, amene anali atakhala pambali pake, anandiuza kuti watha masabata atatu akutsegula m'mimba ndi kusanza. Kuchipatala anawauza kuti azimumwetsa madzi ambiri a mchere ndi shuga, pafupipafupi, asalole kuti aume. Achemwali anachita zimenezo mokhulupirika. Botolo lake linali pomwepo, pamutu pa mphasa, ndipo sindinafunikire kufunsa kuti madzi ake anatunga kuti.

Sindingalumbire kuti anadwalitsa mwanayo ndi madziwo. Ana ankatsegula m'mimba chaka chilichonse nyengo yotentha. Koma sindingalumbirenso kuti si madziwo.

Achemwali anatenga botolo lija n'kukakhuthula kudzala. Atabwerera ndinawatsatira m'nyumba n'kuwafotokozera zonse, mothamanga, ndikulira. Ndinawauza za aseniki wamitundu iwiri, za mgolo wa kumsika, za pepala la mudirowa. Ndinawauza kuti anandipusitsa, kuti munthu amene ndinkamutenga ngati bambo anandiika kutsogolo dala. Ndinkafuna kuti akwiye nane limodzi. Ndinkafuna kuti tikhale awiri olakwiridwa.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

“Abwana akowo ine sindiwadziwa,” anatero. “Sindinawaonepo. Ine ndinafunsa iwe.”

Anatenga ndowa ziwiri n'kunyamuka kupita kuseri kwa phiri. Ndinati ndiwathandize imodzi, anati ndikhale ndipume, ndachokera kutali.

M'mawa mwake, tisanapite ku Misa, anakhazika mwanayo pamiyendo pawo panja n'kuyamba kumumeta ndi lezala, chifukwa tsitsi lake linali litayamba kufiira ndi kuthothoka. Ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana timatsitsi tikugwera pansalu imene anayala. Pamenepo ndinakumbukira kuti aseniki akalowa m'thupi amakatsalira m'tsitsi ndi m'zikhadabo. Tsitsi lodzaza kadzanja kamodzi, lophikidwa mu asidi, likanandiuza ngati mwanayo wamwa wambiri kapena ayi, ndipo ndikanadziwa chokawauza a kuchipatala. Ndikanayeza ndekha, masana, iwo atapita kukadya. Kanali kanthu kamodzi kokha kamene ndikanatha kuwachitira.

Ndinasendera pafupi n'kugwada.

“Achemwali, mundipatseko tsitsilo. Pang'ono pokha. Ndikaliyeza bwinobwino ulendo uno, ndikulonjeza. Tidziwe.”

Lezala inaima. Kwathu tsitsi la mwana silisiyidwa pabwalo ndipo silipatsidwa kwa munthu wamba, poopa amene angakalichitire zoipa. Amalisunga kapena kulitaya ndi mayi ake, kapena mbale wa m'mimba imodzi amene amamukhulupirira. Pamene mwanayu anametedwa koyamba ali khanda, ine ndinali kusukulu, koma ndinkadziwa kuti ndikanakhalapo akanatha kundipatsa osaganiza kawiri.

Achemwali anamaliza kumeta. Anapukuta mutu wa mwana ndi dzanja, anamutsitsa n'kumupereka kwa amayi. Kenaka anasonkhanitsa nsonga zinayi za nsalu ija, anatola ndi timatsitsi tiwiri titatu timene tinagwera padothi pafupi ndi bondo langa, n'kumanga mfundo. Anaimirira, anandilambalala, n'kulunjika kuchimbudzi kuseri kwa nyumba. Ndinamva chitseko cha udzu chikukhwekhwereza.

Anabwerako akukung'untha nsalu yopanda kanthu.

“Konzeka,” anatero. “Tichedwa ku Misa.”